Ndege ikachedwa kapena ulendo ukalephereka: zifukwa, malamulo ndi ufulu wa wokwera

Mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Johannesburg, womwe basi imauyenda usana ndi usiku kudzera ku Tete ndi ku Beitbridge, ndege imaumaliza m'maola osakwana atatu. Changu chimenechi ndicho chimachititsa amalonda, ophunzira, odwala opita ku zipatala zakunja ndi abale othamangira maliro kulipira ndalama zankhaninkhani pa tikiti imodzi. Komabe ulendo wa mumlengalenga umadalira zinthu zambiri zomwe ziyenera kuyenda bwino nthawi imodzi: nyengo, ndege yeniyeniyo, ogwira ntchito, mafuta, makompyuta ndi bwalo lokatera. Chimodzi chikasokonekera, munthu yemwe amayembekezera kukagona kwawo amachezera usiku pa mpando wa pabwalo la ndege.

Madandaulo a okwera ndege padziko lonse amagwera m'magulu anayi: kuchedwa, kulephereka kwa ulendo, kukanizidwa kukwera tikiti ili m'manja, ndi kusowa kapena kuwonongeka kwa katundu. Pa vuto lililonse pali zomwe kampani imayenera kuchita, koma udindowo si wofanana paliponse. Umatengera dziko lomwe ulendo wayambira, kampani yoyendetsa ndegeyo, momwe tikiti idagulidwira ndi chomwe chayambitsa vutolo. N'chifukwa chake anthu awiri okhala moyandikana m'ndege imodzi akhoza kukhala ndi ufulu wosiyana kotheratu.

Zomwe zimachedwetsa ndege

Pa ntchito za ndege, ulendo umatengedwa kuti wasunga nthawi ngati ndege yafika pasanathe mphindi 15 kuchokera pa nthawi yolembedwa. Kupyola apo ndiye kuchedwa. Kuchedwa kwambiri kumakhala kotengera: ndege imodzi imayenda maulendo angapo pa tsiku, ndipo ikachedwa m'mawa ku mzinda wina, maulendo ake onse otsatira amachedwa nawo. Wokwera akhoza kuona kunja kuli ngwee pabwalo pomwe ali, osadziwa kuti ndege yake idakanika kunyamuka kwina chifukwa cha chifunga kapena mvula ya mabingu.

Chifukwa china ndi malire a maola ogwirira ntchito. Malamulo a chitetezo salola oyendetsa ndege ndi othandizira okwera kupyola maola oikika asanapume. Ndege ikachedwa mpaka maola awo kutha, singanyamuke ngakhale itakonzedwa, pokhapokha patabwera gulu lina. Pabwalo lomwe lili likulu la kampaniyo gulu lotere limapezeka msanga. Pabwalo laling'ono lakutali, anthu amadikira mpaka gulu lomwelo litagona ndi kudzuka.

N'chimodzimodzi ndi kuwonongeka kwa zipangizo. Mtundu uliwonse wa ndege uli ndi mndandanda wa zipangizo zomwe zikawonongeka ndege ikhoza kuyendabe kwa kanthawi, ndi zina zomwe zikangofa ndege siyenera kuchoka pansi. Chipangizo chaching'ono chikhoza kuimitsa ulendo tsiku lathunthu ngati cholowa m'malo mwake chiyenera kuchokera ku mzinda wina. Mbalame ikawombana ndi injini, akatswiri amayenera kuyendera ndegeyo isanaloledwe kuuluka.

Kukwera kwa malo nako kuli ndi mbali yake. Bwalo la Bole ku Addis Ababa lili pamtunda wa mamita oposa 2,300 kuchokera pomwe pamalekezera nyanja yamchere, ndipo la OR Tambo ku Johannesburg lili pa mamita pafupifupi 1,700. Pamalo okwera chotere mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu, motero ndege imavutika kunyamula katundu wolemera. Oyendetsa akawerengera n'kupeza kuti kulemera kwapyola muyeso, chotsala pansi chimakhala zikwama, mwinanso okwera ena.

Bwalo lenilenilo likhozanso kuimitsa maulendo. Mu January 2019 kampani ya South African Airways idaimitsa ndege zake zopita ku Chileka akuluakulu oona za ndege a ku South Africa atapeza zofooka pa chitetezo cha bwalolo, kuphatikizapo mpanda ndi zida zozimitsira moto.

Kwa wochokera m'dziko muno, kuchedwa kwa ola limodzi kumapweteka kuposa momwe kumaonekera. Maulendo ambiri akutali amadutsira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo ndege zolumikiza mizindayi ndi Lilongwe kapena Blantyre ndi zowerengeka pa tsiku. Wophonya ndege yachiwiri kawirikawiri amadikira mpaka mawa lake.

Pamene zonse zaima nthawi imodzi

Nthawi zina vuto silikhala la ndege imodzi koma la dera lonse. Mu April 2010 phiri la Eyjafjallajökull ku Iceland lidaphulika, phulusa lake n'kufalikira mumlengalenga mwa Ulaya. Poopa kuti phulusalo lingazimitse mainjini, maiko adatseka mlengalenga kwa masiku pafupifupi 6. Maulendo pafupifupi 100,000 adalephereka ndipo anthu pafupifupi 10 miliyoni adakhudzidwa, kuphatikizapo alimi a maluwa ku Kenya omwe zokolola zawo zidafota zikudikira ndege.

Mliri wa Covid-19 udaposa pamenepo. Dziko la Malawi lidaimitsa ndege zonyamula anthu pa 1 April 2020, ndipo bwalo la Kamuzu lidatsegulidwanso pa 1 September chaka chomwecho. Padziko lonse makampani ambiri ankapereka mapepala olonjeza ulendo wina m'malo mobweza ndalama, zomwe zidadzetsa mikangano yotenga zaka.

Makompyuta ndi magetsi nazo zimagwetsa maulendo. Pa 28 August 2023 makina olandira ndondomeko za maulendo a ndege ku Britain adasokonekera, ndipo okwera oposa 700,000 adakhudzidwa. Pa 19 July 2024 pulogalamu yolakwika ya kampani ya CrowdStrike idazimitsa makompyuta mamiliyoni padziko lonse. Kampani ya Delta yokha ku America idalephereketsa maulendo pafupifupi 7,000 m'masiku asanu. Pa 21 March 2025 bwalo la Heathrow ku London lidatsekedwa pafupifupi tsiku lonse moto utabuka pamalo ogawira magetsi apafupi. Kuno ku Africa, oyendetsa ndege a Kenya Airways adanyanyala ntchito kwa masiku anayi mu November 2022 mpaka khoti litawalamula kubwerera, ndipo mu September 2024 ogwira ntchito pabwalo la Jomo Kenyatta ku Nairobi adanyanyala pokana zoti bwalolo libwerekedwe ku kampani ya Adani ya ku India.

Tikiti ndi pangano

Wogula tikiti amavomereza mfundo zomwe kampani idalemba kale, ngakhale ambiri saziwerenga. Mfundozi zimapezeka pa tsamba la intaneti la kampani iliyonse, ndipo kawirikawiri zimanena kuti nthawi yolembedwa pa tikiti si lonjezo lokhazikika. Chomwe kampani ikulonjeza ndi kumufikitsa munthu komwe akupita.

Mfundo yomwe imadzidzimutsa ambiri ndi yokhudza wosafika pa ulendo woyamba. Tikiti imayenera kugwiritsidwa ntchito motsatira ndondomeko yake. Munthu wogula tikiti yopita ndi kubwerera, n'kuphonya ulendo wopita kenako kuyenda pa basi, akhoza kupeza kuti ulendo wobwerera udafufutidwa kale m'kompyuta. Wodziwiratu kuti sakwera amayenera kuuza kampani ndege isananyamuke.

Mitengo ya matikiti imasiyana ngakhale mipando ili yofanana, chifukwa tikiti iliyonse ili ndi malamulo ake. Yotsika mtengo nthawi zambiri sibwezeredwa ndalama ndipo kusintha tsiku kumafuna chindapusa kuphatikiza kusiyana kwa mtengo. Dzina lolembedwa pa tikiti liyenera kufanana ndi la m'pasipoti, ndipo tikiti singapatsidwe kwa munthu wina.

Kusiyana kwakukulu kuli pakati pa tikiti imodzi ya ulendo wonse ndi matikiti awiri ogulidwa padera. Wochokera ku Blantyre kupita ku London pa tikiti imodzi, ndege yoyamba ikachedwa n'kuphonya yachiwiri, kampani ndiyo imamupezera ndege ina popanda kulipiranso. Wogula matikiti awiri pofuna kupulumutsa ndalama, kwa kampani yachiwiriyo amangooneka ngati munthu wosafika pa nthawi. Tikiti yake ikhoza kupsa, ndipo katundu wake amayenera kumutenga yekha pabwalo losinthiralo, zomwe mwina zimafuna viza ya dzikolo.

Kampani ilinso ndi mphamvu yokaniza munthu yemwe zikalata zake sizikukwanira, chifukwa maiko amalipiritsa chindapusa kampani yobweretsa munthu wopanda zikalata zoyenera, n'kuilamula kumubweza pa ndalama zake. Maiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi 6, masamba opanda chidindo, tikiti yobwerera, ndipo ena amafuna khadi la katemera wa yellow fever. Wokanizidwa pa zifukwa izi, kapena wofika malo olembetsera atatsekedwa, zomwe pa maulendo akunja zimachitika kawirikawiri kutatsala ola limodzi, salandira chipukuta misozi.

Mipando yochepa, matikiti ochuluka

Makampani ambiri amagulitsa matikiti oposa mipando ya m'ndege. Amachita izi dala, ndipo m'maiko ambiri malamulo amalola. Chifukwa chake n'chakuti pa ulendo uliwonse pamakhala anthu ena osabwera, ndipo mpando wouluka wopanda munthu sungagulitsidwenso. Makompyuta amawerengera kuchuluka kwa osabwera potengera maulendo am'mbuyo. Tsiku lomwe onse abwera, kapena kampani yatumiza ndege yaing'ono m'malo mwa yaikulu, ena amatsala.

Mwambo wake ndi woyamba kufunsa odzipereka kutsala posinthana ndi ndalama, malo ogona kapena tikiti ya ulendo wina. Wovomera mwa kufuna kwake amalandira zomwe wagwirizana ndi kampani basi, choncho mgwirizanowo umayenera kulembedwa. Odzipereka akapanda kukwanira, kampani imasankha yokha, ndipo kawirikawiri nkhwangwa imagwera olembetsa mochedwa ndi a matikiti otsika mtengo.

Nkhaniyi idamveka dziko lonse pa 9 April 2017, pamene dotolo wina adakokedwa mokakamiza kuchoka pa mpando wake m'ndege ya United Express pabwalo la O'Hare ku Chicago, kuti mipando ipatsidwe kwa ogwira ntchito a kampani. Kanema wojambulidwa ndi okwera anzake adafala pa intaneti, kampani idapepesa n'kugwirizana naye kunja kwa khoti, ndipo makampani angapo a ku America adasintha ndondomeko zawo.

Katundu wosafika

Kampani ya SITA, yomwe imayendetsa makompyuta a makampani ambiri a ndege, idapeza kuti mu 2022 zikwama pafupifupi 26 miliyoni zidachedwa, kuwonongeka kapena kusowa, kutanthauza zikwama 7.6 pa okwera 1,000 aliwonse. Malo omwe zikwama zimasochera kwambiri ndi posinthira ndege, makamaka nthawi yosinthira ikakhala yochepa: munthu akhoza kuthamanga n'kuipeza ndege, koma chikwama chake sichithamanga. Zikwama zambiri zotere zimapezeka pakapita masiku ochepa.

Chikwama chikapanda kutuluka pa lamba, mwini wake amayenera kukalembetsa ku ofesi ya katundu asanatuluke m'bwalo. Kumeneko amalemba fomu yotchedwa PIR ndi kupereka nambala yolondolera chikwamacho. Kachiphaso kakang'ono komwe amamata pa pasipoti kapena pa chiphaso chokwerera ndiko umboni woti kampani idalandira katunduyo. Wotuluka osalembetsa amavutika kutsimikizira kuti chikwama chidasowa kapena kung'ambika chili m'manja mwa kampani.

Pa maulendo ambiri akunja chikwama chimodzi chimaloledwa kulemera makilogalamu 23, ndipo choposa makilogalamu 32 sichilandiridwa pofuna kuteteza misana ya onyamula. Zamadzimadzi zolowa nazo m'ndege zidaikidwa malire a mamililita 100 pa botolo kuyambira 2006, apolisi a ku Britain atatulukira chiwembu chophulitsa ndege ndi mabomba amadzimadzi. Mabatire apadera ndi zida zosungira moto wa foni siziloledwa m'chikwama chopita kunsi kwa ndege chifukwa zikhoza kuyaka. Ndalama, mankhwala, zikalata ndi makompyuta zimayenera kukhala m'chikwama cha m'manja.

Mapangano a Warsaw ndi Montreal

Udindo wa makampani pa maulendo odutsa malire a maiko udayamba kulembedwa m'pangano la ku Warsaw la 1929. Pangano la ku Montreal la 1999, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu November 2003, ndilo lidabwera kudzalowa m'malo mwake, ndipo maiko oposa 130 adalivomereza. Limagwira ntchito ngati dziko loyambira ndi lothera ulendo onse ali m'panganolo, kapena ngati ulendo wopita ndi kubwerera wayambira m'dziko lomwe lili m'panganolo. Kupanda apo, lolamulira kawirikawiri limakhala la Warsaw, lomwe malire ake ndi otsika: pafupifupi madola 20 a ku America pa kilogalamu ya katundu wosowa.

Pangano la Montreal limawerengera ndalama m'muyeso wa bungwe la IMF wotchedwa SDR, ndipo malire ake amaunikidwa zaka zisanu zilizonse. Kuyambira pa 28 December 2024, malire a katundu ndi 1,519 SDR pa munthu, pafupifupi madola 2,000, osati pa chikwama chilichonse. Malire a zomwe munthu wataya chifukwa cha kuchedwa ndi 6,303 SDR. Ziwerengerozi ndi denga chabe: wodandaula amalandira zokhazo zomwe waonetsa umboni kuti wataya, monga malisiti a hotela, chakudya kapena zovala zogula podikira chikwama. Kampani imapulumuka pa mlandu wa kuchedwa ikaonetsa kuti idachita zonse zotheka kuti vutolo lipeweke. Wonyamula katundu wa mtengo woposa malirewa akhoza kunena mtengo wake polembetsa n'kulipira ndalama yapadera.

Nthawi yodandaulira ndi yochepa. Chikwama chowonongeka chimafuna kalata yodandaula pasanathe masiku 7 chilandirireni. Chochedwa chimafuna kalata pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku lomwe chaperekedwa kwa mwini wake. Chikapanda kufika pakatha masiku 21, mwini wake ali ndi ufulu wochitenga ngati chosowa n'kufuna malipiro. Mlandu wa kukhoti uyenera kuyambika pasanathe zaka ziwiri. Madandaulo ambiri oona amafera pa masiku amenewa.

Lamulo la ku Ulaya ndi ku Britain

Chitetezo champhamvu kwambiri chili m'lamulo nambala 261 la 2004 la maiko a European Union, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu February 2005. Limateteza aliyense wonyamuka pabwalo la m'maikowa, kaya kampaniyo ndi ya dziko liti, komanso wopita kumeneko pa ndege ya kampani ya m'maikowo. Dziko la Britain litatuluka m'mgwirizanowu lidasunga lamulo lofanana nalo. Mtundu kapena pasipoti ya wokwera zilibe gawo pa nkhaniyi.

Lamuloli limapereka zinthu zitatu. Choyamba ndi chisamaliro: chakudya, zakumwa, njira yolumikizirana ndi abale, ndi hotela ngati kudikira kwafika usiku. Pa ulendo wautali chisamalirochi chimayamba pakatha maola 4, pa waufupi maola 2. Chachiwiri ndi kusankha pakati pa kubwezeredwa ndalama ndi kupatsidwa ndege ina, ulendo ukalephereka. Wochedwetsedwa maola 5 akhozanso kuusiya ulendowo n'kulandira ndalama zake. Chachitatu ndi chipukuta misozi chokhazikika chosafuna malisiti: 250 euro pa ulendo wosapyola makilomita 1,500, 400 euro mpaka makilomita 3,500, ndi 600 euro kupyola apo. Ku Britain ndalamazi ndi mapaundi 220, 350 ndi 520. Zimaperekedwa kwa wokanizidwa kukwera, kwa yemwe ulendo wake walephereka osauzidwa masiku 14 tsikulo lisanafike, ndiponso, potsatira chigamulo cha khoti la European Union cha 2009, kwa wofika mochedwa ndi maola 3 kapena kuposa. Pa ulendo wautali, wochedwa pakati pa maola 3 ndi 4 akhoza kupatsidwa theka.

Kampani silipira chipukuta misozi ngati vutolo labwera ndi zinthu zachilendo zomwe sikadatha kuzipewa, monga nyengo yoipa, kutsekedwa kwa mlengalenga kapena kuwombana ndi mbalame. Koma khoti lomwelo lidagamula mu 2008 kuti kuwonongeka wamba kwa ndege si chinthu chachilendo, ndipo mu 2021 lidati kunyanyala kwa ogwira ntchito a kampani yomweyo nako si chowiringula. Mu 2013, pa mlandu wochokera ku phulusa la ku Iceland lija, lidagamula kuti chisamaliro cha chakudya ndi pogona sichichotsedwa ngakhale vutolo likhale lachilengedwe.

Apa ndi pomwe okwera awiri oyandikana amasiyanirana. Wonyamuka ku London kupita ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa pa tikiti imodzi amawerengeredwa kuchedwa kwake pofika ku Lilongwe, ndipo lamulo la Britain limamutsata ulendo wonse. Mnzake yemwe wakwerera ku Addis Ababa komweko alibe chitetezo chimenechi. Munthu yemweyo wa ku London, pobwerera kuchokera ku Lilongwe pa ndege ya kampani ya mu Africa, alibenso, chifukwa ulendowo wayambira kunja ndipo kampaniyo si ya kumeneko.

Ku America ndi ku Africa

Dziko la America lilibe chipukuta misozi chokhazikika cha kuchedwa. Koma lamulo la 2024 limati ulendo ukalephereka kapena kusinthidwa ndi maola 3 pa maulendo a m'dzikomo, kapena maola 6 pa akunja, wokana ulendo winawo abwezeredwe ndalama popanda kuchita kupempha. Wokanizidwa kukwera chifukwa cha kuchuluka kwa matikiti amalipidwa kuwirikiza kawiri kapena kanayi mtengo wa ulendowo, potengera kutalika kwa kuchedwa, mpaka pa malire oikika. Ndege siloledwanso kusunga anthu m'kati ili pansi kupyola maola 3 pa ulendo wa m'dzikomo kapena maola 4 pa wakunja.

Ku Africa, chigwirizano cha ku Yamoussoukro cha 1999 chidafuna kutsegula mlengalenga kuti makampani a mu Africa aziyenda momasuka, ndipo mu January 2018 bungwe la African Union lidakhazikitsa msika umodzi wa maulendo a ndege. M'ndondomekoyi muli malamulo oteteza okwera, koma kuwatsata kumadalira dziko lililonse. Kuchepa kwa mpikisano ndi kuchuluka kwa misonkho kumachititsa kuti matikiti a pakati pa mizinda ya mu Africa akhale okwera mtengo, ndipo wokhumudwa ndi kampani imodzi sakhala ndi kwina kothawira.

Kusowa kwa ndalama zakunja kumawonjezera mavuto. Kampani yakunja ikagulitsa matikiti m'ndalama ya dziko n'kulephera kuisintha kukhala madola, imachepetsa maulendo kapena kusiya kugulitsa matikiti otsika mtengo. Ku Nigeria ndalama zotsekeredwa chotere zidapyola madola 800 miliyoni mu 2023, ndipo kampani ya Emirates idaimitsa maulendo ake kumeneko kuyambira kumapeto kwa 2022 mpaka October 2024. Mitengo ya maulendo akunja imawerengeredwa m'madola, choncho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa tikiti m'makwacha udakwera nthawi yomweyo. Pa chifukwa chomwechi, ndalama yobwezedwa mochedwa m'makwacha ikhoza kulephera kugulanso tikiti yofanana ndi yoyambayo.

Kampani ikagwa

Palibe lamulo lomwe lingafinye ndalama m'kampani yomwe yatha. Air Malawi idathetsedwa mu 2013 itamira m'ngongole, ndipo m'malo mwake mudabwera kampani yatsopano momwe boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49. Idayamba kuuluka mu January 2014. Ku South Africa, Comair, yomwe inkayendetsa ndege za kulula.com, idaimitsa maulendo onse kumapeto kwa May 2022 n'kuthetsedwa mwezi wotsatira, anthu ali ndi matikiti m'manja. Zikatere wokwera amasanduka mmodzi mwa ambiri omwe kampani ili nawo ngongole, ndipo amakhala kumapeto kwa mzere. Wolipira ndi khadi la kubanki amakhala ndi mwayi wopempha banki yake kubweza ndalama ya ntchito yomwe sidachitike. Wolipira ndalama pamanja mwayiwu alibe. Inshulansi ya paulendo imathandiza pokhapokha ngati mfundo zake zikutchula kugwa kwa kampani.

Njira yodandaulira

Dandaulo limayambira ku kampani, ndipo liyenera kukhala lolembedwa. Pomwe tikiti idagulidwa ku kampani ina koma ndege n'kuyendetsedwa ndi inzake, lamulo la ku Ulaya limaika udindo pa yoyendetsa ndegeyo. Tikiti yogulidwa kudzera mwa ajenti kawirikawiri ndalama yake imabwerera kudzera mwa ajenti yemweyo. N'kofunika kuti nambala ya foni ndi imelo zolembedwa pa tikiti zikhale za wokwera, chifukwa uthenga wosintha nthawi ukapita kwa ajenti Loweruka usiku, mwini ulendo amakaumvera pabwalo.

Umboni wofunika ndi tikiti, chiphaso chokwerera, kachiphaso ka chikwama, fomu ya PIR, mauthenga ochokera ku kampani, malisiti onse, ndi nthawi yeniyeni yomwe ndege idafika. Wokwera akhoza kupempha kuti chifukwa cha kuchedwa chilembedwe. Pepala lolonjeza ulendo wina limayenera kuwerengedwa lisanasainidwe, poti ena mwa mapepalawa amanena kuti wolandira wasiya madandaulo ake onse, ndipo amakhala ndi tsiku lothera ntchito.

Kampani ikakana kapena kukhala chete, dandaulo limapita ku bungwe loyang'anira za ndege la dziko lomwe vutolo lachitikira. M'dziko muno muli bungwe la Malawi Civil Aviation Authority, komanso la Competition and Fair Trading Commission lomwe limalandira madandaulo a ogula. Nkhani zodutsa malire a maiko a COMESA zikhoza kupita ku bungwe la mgwirizanowu loona za mpikisano pa malonda ndi ufulu wa ogula, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe.

Wogwira ntchito pa kauntala si amene amaimitsa ndege, ndipo kumukalipira sikufulumizitsa ulendo. M'maiko ambiri kuopseza ogwira ntchito kapena kusamvera malangizo awo m'ndege ndi mlandu. Kuchedwa kwina ndi mtengo wa chitetezo, pakuti woyendetsa yemwe wakana kunyamuka ndi injini yokayikitsa wateteza miyoyo ya onse. Chomwe wokwera ayenera kulimbikira ndi kuuzidwa zoona, kusamalidwa podikira, kufikitsidwa komwe akupita kapena kubwezeredwa ndalama zake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pa ulendo wa ndege, mafunso oyenera amafunsidwa tikiti isanagulidwe: ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, ngati tsiku lingasinthidwe ndi pa mtengo wanji, ndiponso kuti pabwalo losinthira pali maola angati.